Tambula ya Bartley Padden

Cricklewood, London
6 Seputembala 1998

Okondedwa akazi anga Attracta,

Ine Ignatius Gaughan wa ku Doohoma, mwamuna wanu pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mpingo, wothira mowa m'bala ya Mayi Mulqueen kwa zaka makumi atatu, ndatenga cholembera chifukwa nkhani ndili nayoyi si yoikuwa pa lamya ya m'sitolo ya kwathuko, ogula shuga atatchera khutu. Ndili bwino, kupatula bondo lija. Ndikhulupirira kuti nanunso muli bwino, ndi kuti chifuwa chija chinakusiyani.

Mayi Mulqueen agulitsa bala. Oigula ndi a kampani ina, anthu amene sanaimepo pa kauntala. Akuti aisandutsa malo odyera, a nsalu zoyera patebulo, ndipo mowa uzibwera pambuyo pa mbale ngati wantchito wake. Ine andisunga. Mnyamata amene amuika kukhala manijala, dzina lake Crispin Hallam, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti alendo adzakonda kuona nkhope ngati yangayi. Ndinaphunzira Chilatini ku seminale mpaka maso kuwawa, koma aphunzitsi anga sanandiuze kuti ndidzathera pokhala chokongoletsera nyumba.

Nyumba imeneyi sinakhalepo ya angelo. Lachisanu lililonse amuna akwathu ankatuluka m'maenje amene ankakumba pantchito ali ndi ludzu komanso mkwiyo wa sabata yonse. Ndaonapo khutu lili pansi, mwini wake akulifunafuna. Ndasesapo mano ndi tsache. Chipsera cha pachibwano changa mumachidziwa. Komabe m'zaka zonsezi sindinamenyepo munthu, ndipo sindinanamepo, kaya kwa wapolisi kaya kwa wansembe. Ndikaliza belu lamkuwa la pa kauntala n'kutchula munthu dzina lake laubatizo, zibakera zinkatsika zokha.

Tsono ndatsimikiza mtima: pa Pasaka ikubwerayi ndibwerera kwathu, osadzapondanso kuno. Mwadikira mokwanira.

Mlongo wanu Festy ali moyo. Akukhosomolabe fumbi la m'ngalande za sitima za pansi pa nthaka. Lonjezo limene munandilumbiritsa pa doko tsiku limene ananditsatira kuno, loti ndizimuyang'anira, sindinaliiwale. Nditamuuza za nsalu zoyera anati, "Ndiye kuti, Abishopu, tsopano muzitiwerengera Misa tisanamwe?" Mpaka lero amanditchula choncho.

Ndaikamo mapaundi zana. Denga la khola likonzedwe chisanu chisanafike, ndipo musalipire munthu asanatsike pa makwerero.

Ndine mwamuna wanu,
Ignatius


18 Okutobala 1998

Okondedwa Attracta,

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndakondwa kuti muli bwino. Ine ndili bwino, ngakhale m'makutu mwanga mukulira nyundo.

Amisiri anabwera. Aroma akale akalanda mzinda ankasiyako milungu yake, koma awa sanasiye ngakhale mbedza zokolekapo zipewa. Kauntala yamatabwa akuda ija, imene zigongono za amuna akwathu zinaisalaza, anaidula pakati ndi macheka amagetsi ine ndikuona. Belu analisunga. Alipachika pambali pa moto kuti alendo aziliyang'ana, koma lilime lake analizula, akuti ana angamalilize.

Mumamukumbukira Bartley Padden wa ku Geesala, amene mlongo wake munaphunzira naye. Wakalamba, sanakwatirepo, ndipo amagona m'kachipinda kozizira kamene m'khoma mwake mumatsika madzi. Moto umene amaudziwa ndi wa m'bala muno. Chisiyireni ntchito wakhala akukhala pakona ya pamoto, pa mpando umodzimodzi, kuyambira potsegula. Lachiwiri amisiri anauponya mpandowo m'chinkhokwe chachitsulo cha zinyalala pamsewu. Bartley anangoima n'kumauyang'ana. Festy anakwera kukautenga.

Mmisiri wina anati, "Bwanji agogo, kwanu nkhuni zatha?"

"Zatha, mwana wanga. Tabwera undithandize kutsika."

Mnyamatayo atayandikira akuseka, Festy anamugunda ndi mutu pamphuno. Ndinamva kuthyoka kwake ndili m'kati. Magazi anatsikira m'kamwa mwake mpaka pamalaya. Mnzake anatola thabwa lamisomali n'kumukwapula nalo Festy m'nthiti, kawiri, ndipo kachitatu kakanakhala ka m'mutu ndikanapanda kutuluka n'kuima pakati. Ndinati, "Festus Lavelle, zakwana." Anatsitsa manja, anasenza mpando, n'kuupititsa kuchipinda kwa Bartley akuyenda chopendekeka.

Musade nkhawa, ndi nthiti ziwiri zokha. Pomumanga nsalu ndinamudzudzula kwambiri. Iye anati, "Alamu, mukumanga ngati mukumanga mtembo. Siyani kampata kopumira."

Ana a nkhosa musawagulitse kwa munthu wa ku Bangor uja. Sikelo yake ndimaidziwa. Dikirani msika wa Novembala.

Mwamuna wanu,
Ignatius


13 Disembala 1998

Okondedwa Attracta,

Ndikupatsani moni wa nyengo ino yoyera. Ndili bwino m'thupi. Mundiuze ngati mankhwala a miyendo aja akuthandiza.

Tinatsegula. Dzina la Mulqueen analifufuta n'kulembapo mawu ena achilendo amene sindidetsa nawo pepala lino. Soseji ziwiri zogonekedwa pa mbatata yoponda akugulitsa mapaundi asanu ndi anayi, ndipo anthu akulipira akumwetulira. Ine andiveka epuloni yaitali. Ntchito yanga yaikulu tsopano ndi kutsegula mabotolo a vinyo.

Pakhomo apachika chikwangwani choletsa zovala ndi majombo a kuntchito, ndipo aikapo mlonda, chimunthu cha khosi ngati la nkhunzi, dzina lake Dean. Lachitatu masana Bartley anabwera. Anavala suti yake ya kutchalitchi ndi tayi, tsitsi atalinyowetsa n'kulipesa. Koma nsapato zina analibe, kupatula majombo.

Dean anati, "Majombo ayi, madala."

"Mwana wanga, majombo amenewa ndi amene anakumba njira ya sitima imene wakwera pobwera kuno."

"Ndiye bwererani mukakumbenso."

Bartley anaponda sitepe ina. Dean anamukankha pachifuwa ndi dzanja limodzi, monga munthu akankhira chitseko. Mkuluyo anagwa chagada kutsika masitepe onse, ndipo mutu wake unamenya mwala wa m'mbali mwa msewu. Phokoso lake sindilifotokoza. Jombo limodzi linavuka n'kutsala pa sitepe.

Ine ndinali kuthirira vinyo mayi wina pafupi ndi zenera. Ndinamaliza kuthira.

Ambulansi itachoka, Hallam analamula kuti pamwalapo pathiridwe madzi otentha alendo a madzulo asanafike. Apolisi anauzidwa kuti nkhalamba yoledzera yaterereka. Bartley anali asanalawe kanthu tsiku limenelo. Ine apolisiwo sanandifunse, ndipo sindinadzipereke. Za zimenezi sindilemba zambiri.

Festy amakhala kuchipatala tsiku lonse. Sakundilankhula bwino.

Tikiti ya Pasaka ndagula kale, ya basi ndi sitima ya pamadzi yomwe. Ili m'buku langa la mapemphero. Ndaikamo mapaundi makumi asanu a Khrisimasi. Mupereke asanu kwa abambo mfumu, atchule dzina la Bartley pa Misa ya odwala.

Mwamuna wanu,
Ignatius


17 Januwale 1999

Okondedwa Attracta,

Ndili bwino. Ndikhulupirira kuti mphepo ya sabata yatha sinasasule kanthu kumeneko.

Bartley Padden wamwalira Lachinayi m'mawa. Pa pepala alemba kuti chibayo. Mukauze mlongo wake nokha, asamvere pamsika.

Loweruka njerwa inalowa pa zenera lalikulu n'kugwera m'mbale ya supu. Hallam anandifunsa ngati ndikudziwa woiponya. Ndinamuuza zoona, kuti sindinaone.

Maliro ali Lachisanu. Nyumba ino ili ndi mwambo wake umene inu simunauonepo. Munthu wa muno akaikidwa m'manda, amuna amabwera kuchokera kumandako, wothira mowa amathira tambula ya mowa wakuda ya malemuyo, n'kuiika pamalo pamene ankakhala. Palibe woikhudza kapena wokhala pamenepo mpaka nthawi yotseka. Ikakwana, wothira yekha amaitsanulira pa phulusa la pamoto. Ndachitira zimenezi amuna ambiri amene analibe wina wowalira.

Ndinapita kwa Hallam, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti chikwangwani chija chigone tsiku limodzi. Anati, "Zokongola zimenezo, Iggy. Chitani, alendo azikonda." Chibadwire changa palibe ananditchulapo Iggy. Ndinayamba kumufotokozera za nthawi yotseka, koma lamya yake inalira, ndipo iye anandilozera ndi dzanja kuti ndizipita.

Mbewu ya mbatata muitanitsiretu kwa a Ruddy.

Ignatius


31 Januwale 1999

Okondedwa Attracta,

Ndili moyo ndipo sindinavulale. Ndikudziwa kuti mbiri yafika kale kumeneko kudzera mwa mkazi wa Ruddy, amene lilime lake limathamanga kuposa positi. Imvani tsono kwa amene analipo.

Anabwera kuchokera kumanda dzuwa lili pamutu, amuna okalamba okhaokha, masuti akuda, matope ali kumapazi. Dean anawayang'ana n'kupatuka. Ndinathira tambula ya Bartley monga mmene iyenera kuthiridwira, kawiri, kudikira thovu likhazikike. Pakona ya pamoto tsopano pali tebulo la anthu anayi. Ndinaiika pamenepo, pakati pa mafoloko. Amunawo anavula zipewa n'kuima chete, ndipo kwa kanthawi nyumba inabwerera mwakale.

Kenaka panafika banja lina limene linasungitsa tebulo lomwelo. Hallam anabwera akumwetulira. Anati, "Zikomo kwambiri, madoda, zinali zogwira mtima." Ananyamula tambulayo ndi zala ziwiri, anadutsa nayo pakati pa amuna onsewo, n'kuikhuthulira m'sinki. Sanachite mwachipongwe, Attracta. Ankayesa kuti mwambo watha. Nkhuku ya mlendo siidziwa kumene kuli mphamba.

Munamveka madzi okha akutsika mu paipi.

Wina anati, motsitsa mawu, "Mwamukankha kachiwiri."

Dean anagwira phewa la mkulu amene anali pafupi naye. Mkuluyo anamuswera botolo la vinyo pamphumi, ndipo zonse zinayambira pamenepo. Matebulo anagubuduzika. Mayi wina anakwawira pansi pa mpando atakumbatira mwana. Ndinaona nkhalamba imene imalephera kukwera basi ikuponda dzanja la Dean ndi jombo mpaka zala kulira ngati nkhuni zouma. Ndinaona foloko itaima pa tsaya la munthu. Wophika anatuluka ndi chiwaya cha mafuta otentha, wina anamugunda chigongono, mafutawo n'kumuthira yekha m'miyendo. Nsalu zoyera zija zinamwa vinyo ndi magazi mosasiyanitsa.

Dzanja langa linapita lokha pamene belu linkakhala, n'kugwira mphepo. Ndinatchula maina aubatizo mmodzimmodzi, mokweza, koma popanda belu mawu anga anali ngati a munthu wina aliyense.

Belulo linali m'dzanja la munthu. Analizula kukhoma pamodzi ndi misomali yake. Hallam anali atatembenukira ku lamya, ndipo mkuwa unamupeza m'mbali mwa nkhope. Belu lopanda lilime linalira kamodzi kokha. Chibwano chinathyoka, ndipo diso lamanzere madokotala alephera kulipulumutsa.

Apolisi atafika, amuna onse anati ankayang'ana pansi. Alendo anati nkhalamba za masuti akuda n'zofanana zonse. Hallam sanaone chimene chinamumenya. Koma kuseri kwa kauntala kuli kasitepe kokwera, ndipo aliyense akudziwa kuti woima pamenepo amaona nyumba yonse.

Za mlongo wanu musandifunse m'kalata. Ali kuchipinda kwake. Dzanja lake lamanja latupa.

Sindinaikemo kanthu ulendo uno. Tatseka mpaka akonze.

Mwamuna wanu,
Ignatius


7 Malichi 1999

Okondedwa Attracta,

Mukhululuke zilembo zokhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Ndikupeza bwino tsopano. Ndakondwa kumva kuti nkhosa zayamba kuswa bwino.

Apolisi andiitana kawiri. Ulendo woyamba anandipatsa tiyi. Wachiwiri sanandipatse. Wamkulu wawo anati, "Bambo Gaughan, amene anapempha kuti amunawo alowe ndi inu. Amene anaika tambula ndi inu. Mukapanda kutipatsa dzina, tiona ngati munakonza zonsezi ndinu, ndipo pa msinkhu wanuwu ndende si malo abwino." A kampani nawonso anena kuti ndikapanda kulankhula, ntchito yatha, ndi ndalama ya ukalamba imene anandilonjeza yatha nayo. Ndinapempha nthawi. Andipatsa mpaka Pasaka.

Lolemba lapitalo m'mawa ndinali m'chipinda cha pansi kulandira migolo. Dean anatsika ndi anzake awiri, dzanja lake lili mu pulasitala. Anatseka chitseko.

"Abishopu, si mmene amakutchulirani? Lero muulula ndinu."

Anandigoneka pa simenti. Anafunsa dzina, ndinakhala chete, ndipo anagubuduzira mgolo wodzaza pa dzanja langa. Anafunsanso. Atatopa ndi dzanja anayamba mateche a m'mimba ndi kumsana. Sindinabweze, ndipo sindinawapatse ngakhale chilembo choyamba. Zala zitatu zathyoka. Kwa masiku angapo mkodzo unali wofiira, koma wayera.

Festy atandiona analira, chinthu chimene sanachite ngakhale pa maliro a mayi anu. Anati, "Alamu, ndikupita ndekha kupolisi. Ndatopa kubisala kumbuyo kwa epuloni yanu."

Ndinati, "Ukakwera masitepe a kupolisi uzikapuma kangati?"

"Kawiri. Mwina katatu."

"Khala pansi."

Pali chimene iye sanakulembereni. Dokotala wa mapapo anamuuza mwezi watha kuti chisanu china sachiona. Akalowa m'ndende adzatulukamo m'bokosi, ndipo adzaikidwa kuno, m'dothi la eni ake, monga Bartley.

Musaganize kuti ndikumuyeretsa. Ndinapita kukamuona Hallam kuchipatala. Chibwano anachimanga ndi mawaya, amamwa ndi kapaipi, ndipo pambali pa bedi panali mkazi wake ndi kamwana koyamba kumene kuyenda. Analemba pa pepala kuti, "Ndinalakwa chiyani?" Ndinamufotokozera mwambo wonse mpaka kumapeto, ndipo ulendo uno panalibe lamya yomusokoneza. Chimene Festy anachita n'choipa, ndipo akayankha kwa Woweruza amene sasowa mboni.

Mawu a m'kalata yanu ndawawerenga kambirimbiri. Mwati mukundimasula ku lonjezo la pa doko, mwati Festy ndi munthu wamkulu, ndinene dzina ndibwere kwathu, chifukwa mwatopa kugona m'nyumba yolankhula mphepo yokha. Ndikudziwa mmene mawu amenewa anakupwetekerani powalemba. Ndikuyankhani ndikaganiza.

Mwamuna wanu,
Ignatius


29 Malichi 1999, Lolemba la Sabata Yoyera

Okondedwa akazi anga Attracta,

Ndili bwino, ndipo zala zikugwirana. Ndikupempherera kuti kalata ino ikupezeni muli ndi mphamvu, pakuti mudzazifuna.

Njira zinali zitatu. Yoyamba, kunena dzina. Kwathu kuja munthu wopereka mnzake kwa apolisi a dziko lino dzina lake limanunkha mpaka kwa zidzukulu, koma si manyazi amenewo amene andiletsa. Ndinaona Bartley akugwa ndipo ndinamaliza kuthira vinyo. Amene anamukankha sindinamutchule pamene kutchula kukanathandiza. Sindingatsegule pakamwa tsopano kuti nditchule wodwala yekha. Yachiwiri, kunena kuti sindinaone. Limenelo ndi bodza, ndipo sindiyamba kunama ndili ndi imvi. Yatsala yachitatu.

Mwandimasula ku lonjezo, ndipo ndikuthokoza. Koma lumbiro lija sindinalumbire kwa inu nokha.

Dzulo ndinapita kwa Festy ndi buku langa la mapemphero, n'kutulutsamo tikiti. Anaikankha. Anati, "Mlongo wanga akudikira mwamuna wake, osati chifuwa choyenda ndi miyendo."

Ndinati, "Festus Lavelle, zakwana."

Anailandira. Kenaka anati, "Nanga tambula yanga adzathire ndani, Abishopu?" Ndinamuuza kuti kwathu kuli anthu omulira, safunika tambula.

Anyamuka Lachitatu, ndipo basi ifika ku Bangor Lachinayi Loyera chakumadzulo. Mupemphe a Ruddy akamutenge pa galimoto, chifukwa sangayende. Mumuyalire m'chipinda cha kumoto, pa bedi limene munakonzera ine, ndipo mumuikire mapilo atatu, pakuti sagona chagada. Utsi umamutsamwitsa, choncho chumuni chipalidwe. Musamufunse za belu. Akafuna kuulula, muitanireni abambo mfumu. Suti yanga yabuluu imene ili m'kabati imukwana akadzaifuna.

Ine ndidikira mpaka ndidziwe kuti sitima yawoloka. Lachisanu Loyera m'mawa ndidzavala bwino, ndidzapita kupolisi ndekha, ndipo ndidzawauza mawu awa: ndinaona amene anamenya, ndikumudziwa, ndamuthandiza kuchoka, ndipo dzina lake simudzalimva kwa ine. Loya wina wa kwathu wandiuza kuti pa zimenezi akhoza kundisunga miyezi, mwina kupitirira chaka. Epuloni ndabweza kale. Ndalama imene inatsala ili m'thumba lam'kati la jekete la Festy, ndasoka ndi ulusi kuti isakathere pa bala ya m'sitima.

Ndakulakwirani pa zaka zimene ndakudikiritsani, ndipo ndikuwonjezerapo zina ndikudziwa. Simuli okakamizidwa kundikhululukira msanga. Mbatata mubzale mizere yonse monga tinapanganira, osachepetsa.

Ichi ndatsimikiza, ndili ndi nzeru zanga zonse, popanda wondikakamiza, ndipo sindichisintha.

Ndine mwamuna wanu kufikira imfa,
Ignatius Gaughan